Mmene Ndinaphera Zakaliya ndi Mawu Amodzi

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Iwe Tereza unafika pondigulira kope ndi zolembera ziwiri, ngati kuti mayi ako, amene zala zawo zinathera pa makina olembera, sadziwa kumene zolembera zimagulitsidwa. Chabwino, ndayamba. Za ku Malawi kumene tinathawira nkhondo mwazimva mpaka makutu anatopa, ndiye ndizilumpha. Chimene simunachimve bwino ndi mmene ine Roza, mayi wanu, ndinaphera munthu wamoyo ndi mawu amodzi, ndi mmene tinamuukitsira. Musadzidzimuke, apolisi sabwera.

Ku Nsadzo, chaka chimene anthu anayamba kubwerera

Ntchito yanga yoyamba inali ku Nsadzo, m'kabungwe ka mpingo kamene kankalemba mayina a anthu obwerera kuchokera kothawa nkhondo. Sanandilembe chifukwa cha nzeru zambiri ayi. Mwayi wanga unali wakuti ndisanathawe ndinaphunzira Chipwitikizi pa sukulu ya mishoni, ndipo ku Malawi ndinaphunzira kulemba chiyankhulo chathu mmene amalembera kumeneko, choncho pepala lililonse limene munthu ankatulutsa m'thumba ndinkatha kuliwerenga. Ofesi yake inali chipinda chimodzi chofolera udzu, tebulo lochirikizidwa ndi njerwa, ndi makina olembera amene chilembo cha e chinkakanirira mpaka uchibweze ndi chala. Fita, kansalu ka inki ka m'makinawo, ikauma tinkaidonthezera palafini kuti itulutsenso inki, ndipo pepala tinkalilemba mbali zonse ziwiri. Koma chisangalalo chake, ana inu! Munthu ankabwera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, n'kufunsa kuti, "Kodi mwalembako mayi akutiakuti?" Ine n'kutsegula mapepala, n'kuwapeza, n'kunena mudzi umene afikira. Nthungululu zinkalira pakhomo pa ofesi ija kuposa pa ukwati. Ndinkapita kunyumba zala zikuwawa koma ndikuimba.

Ku Cassacatiza, chilimwe chotsatira

Akuluakulu a kabungwe atawona kuti anthu ambiri akulowera pa malire kuchokera ku Zambia, ananditumiza ku Cassacatiza. Kumeneko ndiko ndinakumana ndi Shefi Dumingu, mkulu wa kabungwe kathu. Anali munthu waukhondo wake, malaya osita ngakhale pakati pa fumbi la magalimoto, ndipo sankanyoza munthu, koma akanena chinthu chinali chomwecho basi. Tsiku langa loyamba anaimirira kumbuyo kwanga ndikulemba, kenaka anagogoda pepala ndi chala.

"Dona Roza, ichi n'chiyani?"

"Ndi dzina la munthu, Shefi."

"Kuno ndi ku Mozambiki. Mayina alembedwe m'kalembedwe ka Chipwitikizi, kuti mawa munthuyo akakafuna chiphaso asakavutike."

Muyenera kumvetsa bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ife tonse timatchula mawu mofanana, koma polemba tinagawanika ndi nkhondo. Wophunzira ku Malawi amalemba chimanga ndi ch. Wophunzira ku Zambia amasiya h, amangoti cimanga. Wa sukulu ya Chipwitikizi akawona ch amawerenga kuti sh, ndiye kuti mawu amveke bwino amayamba ndi tch. Nyemba zathu zomwezi, Mpwitikizi amazilemba nhemba. Ndiye pa tebulo langa, Nyirenda ankalowa ndi ny n'kutuluka ndi nh. Ndinafuna kutsutsa, koma ndinali wachitsikana, iwe Tereza uli kumsana, ndipo chifukwa chimene Shefi anapereka chinali chomveka. Ndinalemba mmene anandiuzira, mayina ambirimbiri, ndipo pansi pa pepala lililonse ndinkaika chilembo changa cha R.

Ku Chifunde, zaka zitatu ndisanapume

Zaka zinapita, kabungwe kathu kanasamukira ku Chifunde, ine ndi Shefi Dumingu tinachita imvi tili limodzi. Mapepala aja anali m'makatoni, ndipo chiswe chinali chitayamba kuwawerenga kuposa anthu. Ndiye kunabwera Dona Selina, mayi wa ku Tete wodziwa za makompyuta, wamfupi, woseka mokweza, woyendetsa yekha njinga yamoto. Anabwera ndi kompyuta ndi magetsi a dzuwa, n'kutiuza kuti tipanga wiki. Ine ndinaganiza kuti akunena za sabata, mmene tinkatchulira ku Malawi, ndiye ndinati, "Mayi, ntchito iyi siingathe pa wiki imodzi." Anaseka mpaka anakhala pansi.

Anandilongosolera kuti wiki ndi buku lopanda chikuto lokhala m'kompyuta. Munthu aliyense ali ndi tsamba lake, ndipo aliyense wophunzitsidwa akhoza kuwonjezera mzere pa tsambalo. Ine ndinkakopera mapepala akale aja, ndipo makatekisiti a m'midzi ankatumiza nkhani zatsopano: uyu anasamukira kwakuti, uyu anakwatira, uyu ali ndi zidzukulu. Ha, ndinakondwa ngati mwana! Makina opanda fita, chilembo cha e chosakanirira, ukalakwitsa umangofufuta popanda kung'amba pepala. Bambo wanu ankati ndakwatiwanso ndi kompyuta, ndipo sindinawatsutse.

Masamba atachuluka, panafunika njira yopezera munthu msanga. Dona Selina anawonjezera kachinthu kamene iye ankati pulagini. Nditamufunsa anati ndi kachidutswa kosokerera pa wiki kuti ichite ntchito imene payokha siichita bwino, ndiye ine ndinangokatcha chigamba, ndipo dzinalo linakhala. Chigambacho chinali kabokosi kolembamo dzina, pambali pake batani lolembedwa kuti Pesquisar. Dzina likapanda kupezeka, pankatuluka mawu akuti Nenhum resultado. Selina anakulira m'tauni, chiyankhulo chathu ankangochitola, choncho anati, "Dona Roza, mawu awiriwa tiikireni m'Chinyanja, koma akhale aafupi, malo ndi ochepa." Sindinaganize n'komwe. Pa batani ndinaika kuti Fufuzani. Pa enawo ndinaika kuti Kulibe. Ndinadzitama kuti mawu awiri a Chipwitikizi ndawameza ndi amodzi.

Chenjezo linabwera koma sindinalimve. Titayamba kulola anthu kukhala okha pa kompyuta, bambo wina wachikulire anawerenga batani lija n'kubweza dzanja. Anati, "Ofufuza tinawaona nthawi ya nkhondo. Munthu akafufuzidwa sankabwerera. Dzina la mwana wanga sindiliika m'menemo." Ndinamuseka, n'kumulembera ndekha. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimachita manyazi mpaka lero.

Chaka changa chomaliza, Lachiwiri lina la mwezi wokolola

Mayi Esinati anafika m'mawa, atavala chitenje cha mpingo. Anali wamkulu pang'ono kwa ine. Anandiuza kuti tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa, iwo anathawira ku Malawi, ndipo mlongo wawo wamng'ono, Zakaliya, anatengedwa ndi anthu olowera ku Zambia. Iwo anakwatiwa ku Malawi komweko, ndipo anabwerera kuno amuna awo atamwalira. Mudzi wakale anaupeza uli tchire, ndipo amene ankawafunsa ankangopukusa mitu. "Ndamva kuti muli ndi makina odziwa anthu onse obwerera," anatero. "Ndikufuna ndimve kamodzi, mtima ukhale pansi."

Ankadziwa kulemba, ndipo anafuna kulemba okha. Ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, analemba kuti Zakaliya Chinyanda. Anadina batani. Pagalasi panatuluka mawu anga aja, akuluakulu, okhaokha: Kulibe.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatsika pampando, anakhala pansi pa simenti, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kulira maliro. Ndinawagwira mapewa. "Mayi, ayi, sizikutanthauza zimenezo! Makinawa akungonena kuti dzinali sanalipeze."

"Ndawerenga ndekha, achemwali," anatero. "Munthu akangochoka timati wachokapo. Akasowa timati sakuoneka. Koma kulibe ndi kulibe. Musandinyengerere, ndinkadziwa kale."

Ndinayesa kulemba Zakaliya yekha, Chinyanda yekha, ndipo ulendo uliwonse makina ankabwereza mawu omwewo pamaso pawo. Ndinkangowonjezera mchere pabala. Atatonthola anandithokoza, ndipo kuthokoza kumeneko kunandiwawa kuposa kulira kuja. Anati apita kwawo kukauza abale, akapempha misa ya omwalira, ndipo Loweruka la sabata yotsatira adzameta tsitsi kuti maliro a mlongo wawo atsekedwe mwamwambo. Anatchula mudzi umene akukhala, kutsidya kwa mtsinje, n'kunyamuka.

Masana a tsiku lomwelo

Ndinazimitsa kompyuta, ndinaifunditsa chitenje changa, ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Lachisanu la sabata imeneyo kunkabwera alendo ochokera ku Tete kudzaona wiki yathu, ndipo Shefi Dumingu anali atakonzekera mwezi wathunthu, mpaka khoma analipaka laimu. Atapeza chitseko chokhoma anabwera nkhope itasintha.

"Dona Roza, mwatseka ndi chilolezo cha yani?"

"Cha ine ndekha, Shefi. Makina aja apha munthu lero."

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera, koma anati anthu azolowera, chinthu chatsopano chimadabwitsa, tidzakonza alendo akapita. Anandikumbutsanso kuti ndatsala ndi miyezi yochepa kuti ndipume, ndipo si bwino kutuluka ndi kalata ya chenjezo pa zaka zonse zoyera zija. Kunena zoona ndinachita mantha. Koma ndinatulutsa kiyi n'kumuika patebulo pawo.

"Nayu kiyi. Mukatsegula, mukakhale ndinu pampando uja. Mayi wina akakagwa pansi, mukamudzutse ndinu. Mawuwo ndinaika ndine, ndipo sindilola kuti awerengedwenso ndi munthu wina ine ndili pomwepo."

Pa zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi ndinali ndisanawayankhepo chotero. Anandiyang'ana, anayang'ana kiyi, anakonza kolala ya malaya imene inali yokonzeka kale. Kenaka anakankhira kiyi uja kwa ine. "Ndiwauza alendo kuti abwere mwezi wamawa. Koma kalata ija ndilemba." Ndinati lembani, ndikutayipirani ndine.

Sabata yotsatira

Dona Selina anali kutali ndi ntchito ina, ndipo anafika Lachitatu, fumbi lili m'tsitsi. Nditamuuza sanaseke. Anati, "Cholakwa ndi changanso. Ndinakupemphani mawu aafupi, sindinakupempheni mawu oona. Tiyeni tikafunse eni ake." Tinalemba mawu osiyanasiyana pa mapepala, n'kupita nawo kumsika.

Kumsikako ndiye kunali chisangalalo! Tinkaonetsa pepala n'kufunsa kuti, mutaona mawu awa pakhomo, mungatani? Pa Fufuzani anthu ankangoti duu. Pa Sakani, wogulitsa nyama anati, "Mwatiyesa mbawala?" ndipo msika wonse unafa ndi phwete. Pa Yang'anani, mayi wina anayang'ana kumwamba, n'kufunsa kuti ayang'ane chiyani. Nditatopa ndinafunsa mayi wogulitsa tomato kuti, nanga mlendo akafika pakhomo panu akuoneka kuti akufuna munthu, mumati chiyani? Anati, "Aa, timangoti, mukufuna yani?" Selina analemba pomwepo, n'kuonetsa bambo wina wongodutsa ndi njinga. Bamboyo anawerenga, ndipo asanafunse n'komwe kuti ndife yani, anati, "Ndikufuna malume anga, tinasiyana pa malire." Ine ndi Selina tinayang'anana, n'kuyamba kuvina pakati pa tomato. Mawu aja sankafuna kulongosola, munthu ankangoyankha.

Tinachotsa Fufuzani, n'kuika Mukufuna yani? pamwamba pa kabokosi. M'malo mwa Kulibe tinaika kuti: Sitinamupezebe. Mwina dzina linalembedwa mwanjira ina. Selina anati malo sakwanira, kenaka anadziyankha yekha kuti malo amakulitsidwa. Koma mawu akuti "mwanjira ina" nditawaona pagalasi, chinachake chinandigunda pamtima. Ndinakumbukira chala cha Shefi chija chikugogoda pepala ku Cassacatiza. Lachiwiri lija, ndi kulira kuli m'makutu, mutu wanga sunafikeko n'komwe.

"Selina, kodi chigamba chakochi chimadziwa kuti ny ndi nh ndi chinthu chimodzi?"

"Ayi. Chimafuna chilembo ndi chilembo."

"Mayo ine! Ndiye theka la anthu athu tawabisa tokha."

Anati akhoza kuchiphunzitsa ngati titampatsa mndandanda wa zilembo zofanana. Ndipo mukudziwa amene anatipatsa mndandanda wabwino koposa? Shefi Dumingu! Anali ataima pakhomo akumvetsera, kenaka analowa, anakoka mpando, n'kuyamba kutchula ngati mphunzitsi: ch ndi c ndi tch, ny ndi nh, k ndi c ndi qu, l ndi r, w ndi u. Malamulo amene anandikakamiza nawo ndili mtsikana anawatulutsa onse, koma ulendo uno mobwerera. Selina analemba Lachinayi lonse, akudya chinangwa chootcha ndi dzanja limodzi.

Lachisanu masana anati, "Yesani." Ndinakhala pampando. Ndinalemba kuti Chinyanda. Makina anayankha: Kodi mukunena Tchinhanda? Ndinadina. Tsamba linatseguka. Zacarias Tchinhanda, analowera ku Cassacatiza kuchokera ku Zambia, anapita kudera la Nsadzo. Pansi pake panali chilembo cha amene analemba pepala loyambirira: R. Ndipo pansi penipeni panali mzere watsopano, wowonjezeredwa ndi katekisiti wa kumeneko miyezi yochepa m'mbuyomo, wonena kuti munthuyu amaimba ng'oma m'kwaya ya tchalitchi chawo.

Ndinakuwa kuti, "Ali moyo! Akuimba ng'oma!" Ndinaliza nthungululu m'ofesi, ndinakumbatira Selina, ndinakumbatiranso Shefi ndi malaya awo osita aja, ndipo sanandikankhe. Ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, chifukwa amene anabisa Zakaliya pa malire ndi amene anadzamupha pa kompyuta anali munthu mmodzi, ine.

Loweruka ndi Lamulungu

Tinanyamuka m'mamawa pa njinga yamoto ya Selina, ine kumbuyo nditagwira pepala losindikiza ngati ndagwira dzira. Pamtsinje tinachedwa kudikira bwato. Titafika pamudzi dzuwa linali litakwera, ndipo tinapeza amayi atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, lumo lili m'mbale ya madzi. Mayi Esinati anali pakati pawo atametedwa kale, mutu uli mbee. Tinachedwa ndi maola awiri okha.

Ndinagwada patsogolo pawo, n'kuwapatsa pepala. Analiyang'ana n'kunena kuti uyu si wawo, dzina la kwawo silikhala ndi t. Ndinawapempha kuti asaliyang'ane, angomvera, ndipo ndinaliwerenga mokweza mmene Mpwitikizi angaliwerengere. Dzina la bambo wawo linamveka bwinobwino. Ndinawawerengeranso za ng'oma. Anagwira pakamwa. "Ankaswa zitini za mayi ndi timitengo," ananong'ona. "Ndi yemweyo."

Shefi Dumingu anatumiza galimoto ya kabungwe popanda kupemphedwa, ndipo Lamulungu tinafika pa katchalitchi ka udzu kupitirira Nsadzo, misa itayamba kale. Woimba ng'oma anali bambo wa imvi, wowonda, maso ali otseka. Mayi Esinati sanadikire kuti nyimbo ithe. Anayenda pakati pa anthu, anaima patsogolo pake, n'kumuitana ndi dzina limene ankamutcha ali mwana. Ng'oma inaduka pakati. Kwaya inapitirira pang'ono yokha, kenaka nayonso inaleka. Anagwirana, mpango wa Mayi Esinati n'kugwa pansi. Zakaliya anaona mutu uja, ndipo nkhope yake inagwa.

"Alongo, mwameta maliro a yani?"

"Ako, Zakaliya. Dzulo lomweli."

Anawasisita pamutu ndi dzanja lake lokhakhala la ng'oma lija. "Ndiye munandilira bwino?" anafunsa. Tchalitchi chonse chinaphulika, ena akuseka, ena akulira, ndipo misa ija inatenga nthawi kuti ipezenso pamene inalekezera.

Kalata ya chenjezo sinalembedwe. Alendo atabwera, Shefi anawaonetsa okha kabokosi kaja, akunena monyadira kuti makina athu amafunsa ngati munthu wolandira mlendo. Bambo wachikulire woopa ofufuza uja anabweranso, n'kulemba yekha dzina la mwana wake wina.

Pa tsiku limene ndinapuma ntchito, Mayi Esinati anabwera ndi nkhuku. Ndinayambanso kupepesa, monga ndinkachitira nthawi zonse tikakumana. Anandiletsa, anavula mpango, n'kutenga dzanja langa kuliika pamutu pawo. Tsitsi linali litamera kutalika ngati chala, loyera lonse.

"Mwaona? Ili limamera," anatero. "Koma ndikanapita nawo kumanda mawu anu aja, Zakaliya akuimba ng'oma tsidya lina, chikanamera n'chiyani?"

N'chifukwa chake, Tereza, tsiku lija mlendo anagogoda kufunsa bambo ako iwe n'kumuyankha kuti kulibe, ndinakukalipira mpaka unalira. Unali ndi ufulu wodabwa. Bambo ako anali atangopita kudimba.